Andipempha kulowa m'bodi yopereka masatifiketi kwa otikita minofu, ndivomere?

Nangozo:
Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna nzeru kwa inu amene munakhalapo m'mabodi. Anzanga apereka dzina langa kuti ndipikisane nawo pa mpando wa m'bodi ya bungwe limene limalembetsa mayeso ndi kupereka masatifiketi kwa anthu ogwira ntchito yotikita minofu. Ntchito ya masaji ndaigwira nthawi yaitali, ndipo masiku ano ndimaphunzitsanso pa kasukulu kena ka ntchito yomweyi. Akuti mpandowo ulibe malipiro, amangobweza za mayendedwe. Chimene chikundikoka n'chakuti ndatopa kuona ana anga akulephera mayeso a bungweli pa mafunso amene ine ndimaona kuti sakhudza ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku. Ndikufuna ndikazikonze ndili mkati. Ndivomere?

Tikita77:
Vomerani mayi, mukadye nawo. Ndalama zathu zolembetsera mayeso zimathera komweko.

Mlembi Wakale:
A Tikita, tadikirani kaye, nkhani isanayambe mwafika kale pa kudya.

Mayi Nangozo, poyamba tidziwe kuti bungwe lanulo ndi la mtundu uti, chifukwa anthu timaphatikiza zinthu zitatu zosiyana. Pali bungwe la mamembala, limene ntchito yake n'kumenyera ufulu wa ogwira ntchitoyo. Pali bungwe lopereka satifiketi, limene limayesa munthu n'kuuza dziko kuti uyu wafika pa muyezo wakuti. Ndiye pali bodi ya boma yopereka laisensi, imene lamulo linaipatsa mphamvu zoletsa munthu kugwira ntchito. Ku America zitatuzi zimaoneka bwino: AMTA, imene inayamba mu 1943, ndi ya mamembala, NCBTMB, ya 1992, ndi ya masatifiketi, pomwe malaisensi amaperekedwa ndi mabodi a chigawo chilichonse, amene anapanga mgwirizano wawo wotchedwa FSMTB mu 2005, ndipo mayeso awo ndi MBLEx. Kwa zaka zingapo mayeso a NCBTMB ndi MBLEx ankapikisana, mpaka mu 2014 anagwirizana kuti NCBTMB isiye mayeso olowera ntchito, itsale ndi satifiketi yapamwamba yochita kufuna mwini.

Ndanena zonsezi chifukwa mawu anu omaliza aja, akuti mukakonzere ana anu, ndi mawu a munthu wopita ku bungwe la mamembala. Ku bodi ya masatifiketi simupita kukaimirira ana a sukulu, kapena ife otikita anzanu. Mumapita kukaimirira munthu amene wagona pabedi la masaji atavula, amene sadziwa ngati manja akumugwirawo anaphunzira chilichonse.

Nangozo:
Ndi lopereka satifiketi, si la boma. Koma malo ambiri olemba ntchito salandira munthu wopanda pepala lake. Tsono kufuna kuti mayeso akhale oyenera ndi kulakwa?

Mlembi Wakale:
Si kulakwa ayi. Vuto ndi loti inu ndinu mphunzitsi. Pali muyezo wa dziko lonse wa mabungwe opereka masatifiketi kwa anthu, ISO/IEC 17024, umene unatuluka mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2012. Nkhani yaikulu mmenemo ndi kulekanitsa ophunzitsa ndi oyesa. Umanena mpaka kuti munthu asayese wophunzira amene anamuphunzitsa yekha zisanathe zaka ziwiri. Bungwe lolongosoka likakulandirani, chinthu choyamba chimene lidzachite n'kukutsekerani chitseko cha mafunso a mayeso. Nkhani ya mayeso ikafika pa ajenda, wapampando adzakupemphani kuti mutuluke kaye, ndipo mlembi adzalemba m'maminitsi kuti munatuluka nthawi yakuti. Ndiye chimene mukufuna kukakonzacho ndi chimene simudzaloledwa kuchikhudza.

Ndipo likakhala bungwe losakutulutsani, pamenepo m'pamene muyenera kuopa.

Tikita77:
Zonsezo ndi za pa pepala. Mabodi amenewa amakhala a eni masukulu ndi akuluakulu a ntchitoyi, amakweza maola a maphunziro kuti achepetse opikisana nawo basi. Kenako akuti chaka ndi chaka uzikachita maphunziro oonjezera, ophunzitsawo ndi iwo omwe. Fisi ndi fisi, ngakhale mutamuveka taye n'kumupatsa makiyi a khola.

Bambo a Dalo:
Ngakhale a Tikita akulankhula mokalipa, nkhawa yawoyo inafikapo mpaka ku khoti lalikulu la ku America. Mlandu wake sunali wa masaji, unali wa mano, koma onse okhala m'mabodi a ntchito amaudziwa. Bodi ya madokotala a mano ya ku North Carolina inali ndi anthu 8, ndipo 6 mwa iwo anali madokotala a mano amene ankagwirabe ntchito. Iwo anayamba kulembera makalata oopseza anthu wamba amene ankayeretsa mano motchipa, kuwauza kuti asiye. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, FTC, linawatsutsa, ndipo mu 2015 khoti linagamula kuti bodi yolamulidwa ndi anthu amene ali pamsika womwewo singadzitchinjirize ponena kuti ndi ya boma, pokhapokha ngati boma likuiyang'aniradi.

N'chifukwa chake mabodi abwino amakhala ndi mipando ya anthu wamba, osagwira ntchitoyo, osakwatirana ndi wogwira ntchitoyo, opanda sheya pa sukulu iliyonse. Mayi Nangozo, funsani kuti mipando yotereyo ilipo ingati, ndipo okhalapowo amavota kapena amangomwa tiyi.

NaMbewe:
Kungomwa tiyi, hahaha. Ine ndinakhalapo ngati munthu wamba m'bodi ya ntchito ina ya zaumoyo. Miyezi yoyamba ndinkangomva zidule za mawu zokhazokha. Koma funso la munthu wosadziwa limathandiza, chifukwa ukafunsa kuti "nanga wodwala apindulapo chiyani pamenepa?" akatswiri amayamba kuyang'anana.

Nangozo:
Ndamva zonsezo, koma tibwerere ku mafunso a mayeso. Mwana wanga wina ali ndi manja abwino kwambiri, makasitomala amachita kumufunsa ndi dzina, koma wagwa kawiri. Amamufunsa za mitsempha ya magazi, za mankhwala, zinthu za madokotala. Ife si madokotala.

Sisita Wopuma:
Pepani mayi, apa ndiye sindivomereza. Ine ndagwira unamwino ndisanaphunzire masaji. Munthu akabwera akudandaula kuti katumba wa mwendo umodzi watupa, ukutentha ndiponso ukupweteka, mwina wangotsika ndege ya ulendo wautali kapena wachitidwa opaleshoni posachedwa, wa manja abwino amene sanaphunzire adzati ndi minofu yomangika, n'kuyamba kukanda mwamphamvu. Komatu mwina magazi aundana mumtsempha wa mkati. Chibuma chimenecho chikachoka chimakatseka mitsempha ya m'mapapo, munthu akhoza kufera pomwepo. Chimodzimodzi womwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, ukamukanda mwamphamvu amachita mikwingwirima kapena kukha magazi mkati. Wokalamba wa mafupa ofooka ukhoza kumuthyola nthiti. Wodwala shuga amene mapazi ake anachita dzanzi sangakuuze kuti mwala wotenthawo ukumuwotcha.

Mafunso amenewo safuna kuti mwana wanuyo akhale dokotala. Amafuna adziwe tsiku loti auze kasitomala kuti lero sindikugwirani, pitani kuchipatala. Manja abwino kasitomala amawamva yekha. Mayeso amayesa chimene kasitomala sangathe kuchiona.

Nangozo:
Za mwendo wotupa timaphunzitsa, musadere nkhawa. Koma alipo mafunso ena ongofuna kuloweza mayina.

Mlembi Wakale:
Alipodi, ndipo njira yowachotsera ilipo, koma si yoti membala wa bodi aloze funso n'kunena kuti ili lichoke. Mayeso olongosoka amayamba ndi kafukufuku wa ntchito: amafunsa ogwira ntchito ambiri kuti chinthu chakuti mumachichita kangati, ndipo chikalakwika ngozi yake ndi yaikulu bwanji. Mayankhowo ndi amene amagawa kuti gawo la thupi la munthu litenge mafunso angati, la matenda angati, la khalidwe angati. Kenako gulu la akatswiri limalemba mafunso, amawayesa kaye osawerengera malikisi, ndipo funso limene ophunzira anzeru akulilephera pomwe ofooka akulikhoza limatayidwa, chifukwa ndiye kuti lili ndi vuto.

Malikisi okhozera nawonso sangochokera m'mutu mwa wapampando. Njira yofala ndi ya Angoff, ya mu 1971. Akatswiri amaganizira munthu amene wangokwanira kumene, wosapambana koma wosaopsa, n'kuyerekeza pa funso lililonse kuti mwa anthu 100 otere ndi angati angalikhoze. Akaphatikiza ziwerengerozo amapeza mzere wokhozera. Ntchito ya bodi ndi kuona kuti ndondomekoyi yatsatidwa, kenako kuvomereza. Chiyeso chimabwera chaka chimene ambiri agwa. Eni masukulu amaimba mafoni, msungichuma amaonetsa kuti olembetsa ayamba kuchepa, ndiye wina amati titsitseko pang'ono chaka chino chokha. Pa tsiku limenelo, mayi, akapanda kumutulutsa, mphunzitsi amene ana ake agwa adzavota bwanji? Ngakhale mutavota mwachilungamo, ndani adzakhulupirire?

ManjaNdiMaso:
Ndilowepo pang'ono ngati munthu wosaona amene ndimadya za ntchitoyi. Nonse mukukamba za zimene zili m'mayeso, koma ena timagwa tisanafike pa funso loyamba. Mayeso a pakompyuta amene pulogalamu yowerenga mawu singawawerenge, funso la chithunzi chokhala ndi muvi woloza mnofu, nthawi yofanana ndi ya munthu woona. Ukapempha wokuwerengera amakupatsa munthu amene sadziwa kutchula dzina la fupa ngakhale limodzi.

Ntchito imeneyi ili ndi mbiri yaitali ndi anthu osaona. Ku Japan akhala akuigwira kwa zaka mazana, ndipo mayeso a boma a kumeneko amalembedwanso m'zilembo za braille. Ku South Korea lamulo limapereka chiphaso cha masaji kwa osaona okha, ndipo nkhaniyi yapita kukhoti loona za malamulo a dziko kangapo. Mu 2008 khotilo linati lamulolo likhalebe. Sindikunena kuti kulikonse atengere zimenezo. Ndikunena kuti m'bodi mukakhala mopanda woganizira za ife, palibe amene amachita dala kutitsekera kunja, amangoiwala. Mayi Nangozo, iyi ndi nkhani imene mphunzitsi akhoza kuimenyera popanda womunena kuti akukondera sukulu yake.

Nangozo:
Zikomo kwambiri achimwene, izi sindinaziganizirepo mozama. Ndazilemba.

Gogo Nasibeko:
Ana inu mwakamba za mayeso, koma chimene chidzakusowetseni tulo m'bodi si mayeso. Ndi madandaulo. Ine ndinakhalapo m'komiti ya khalidwe, ndipo mafayilo ena ukawerenga chakudya sichilowa.

Ntchito yathu ndi ya anthu awiri m'chipinda chotseka, mmodzi atavala, wina atafunda nsalu yokha. Mboni palibe. Mayi amalemba kuti nsalu inachotsedwa popanda kufunsidwa, dzanja linafika pamene sanavomereze. Wodandauliridwayo amati inali mbali ya chithandizo. Ndiye inu mwakhala pakati, ndipo nthawi zina wodandauliridwayo ndi munthu amene munaphunzira naye, kapena amene munamuphunzitsa. Ntchito yathu ndi yaing'ono, timadziwana tonse.

Musaiwale kuti mabungwe amenewa anabadwira pa nkhani yomweyi. Ku Britain mu 1894 magazini ya madokotala, British Medical Journal, inafalitsa kuti nyumba zina za masaji ku London zinali zochitiramo uhule. Chaka chomwecho amayi anayi, anamwino ndi azamba, anayambitsa Society of Trained Masseuses, n'kuika mayeso ndi malamulo a khalidwe kuti anthu athe kusiyanitsa wophunzira ndi wonyenga. Bungwe limenelo ndi limene linadzakhala Chartered Society of Physiotherapy, bungwe la akatswiri a fiziyo ku Britain. Ndiye bodi ikamabisa dandaulo poopa kuipitsa mbiri ya ntchito, imakhala ikugwetsa chifukwa chenicheni chimene inakhazikitsidwira.

Koma mbali inayo iliponso. Munthu angathe kunamiziridwa, ndipo kumulanda satifiketi n'kumulanda chakudya cha ana ake. Choncho funsani ndondomeko: wofufuza asakhale yemweyo wogamula, wodandauliridwa auzidwe mlandu wake polemba ndi kupatsidwa mpata woyankha, apilo ikamvedwe ndi anthu ena amene sanakhudze mlanduwo. Ndipo inu mukamudziwa mmodzi wa awiriwo, mumanena pomwepo n'kutuluka. Kunyumba simukambako, ngakhale kwa amuna anu.

Bambo a Dalo:
Kuwonjezera pa zimene anena agogo: bungwe la satifiketi mphamvu zake zimathera pa pepala lake. Likhoza kuchenjeza, kuimitsa kapena kulanda satifiketi, koma silingamange munthu, ndipo kumene kulibe lamulo la laisensi silingamuletse kutsegula malo ake mawa lomwe. Nkhani ikakhala yogwiririra ndi ya apolisi, bodi isadziyese khoti. Kumene ntchitoyi ili pansi pa lamulo zinthu zimasiyana. Ku Ontario, ku Canada, lamulo la 1991 la ntchito za zaumoyo limakhudzanso otikita minofu, ndipo wopezeka kuti anagonana ndi wodwala wake amalandidwa chiphaso, sangapemphenso zisanathe zaka zisanu, ngakhale atanena kuti anagwirizana. Ku South Africa otikita minofu ngati chithandizo amalembetsa ku Allied Health Professions Council. Ku Britain kuli kaundula wa CNHC, wa 2008, wolembetsa ogwira ntchito monga ya masaji, koma kulowamo n'kufuna kwa mwini.

Chinanso, funsani ngati bungwe lili ndi inshulansi yoteteza mamembala a bodi. Munthu wolandidwa satifiketi akapita kwa loya, nthawi zina amasumira ndi mayina anu omwe. Kulowa popanda inshulansi imeneyo ine sindingakulangizeni.

Tikita77:
Chabwino, za madandaulo ndavomera. Koma palibe wandiyankha za maola. Amayi ena atikita anthu zaka makumi atatu, anaphunzira kwa akuluakulu awo, lero mukuti si akatswiri chifukwa alibe pepala la sukulu?

Mlembi Wakale:
Funso limenelo ndi lenileni, ndipo dziko silinagwirizanepo. Zigawo zambiri za ku America zinayamba ndi maola 500, New York imafuna 1,000, pomwe ku Ontario muyezo umene unadziwika kwa nthawi yaitali ndi maola 2,200. Thupi la munthu ndi limodzimodzi konseko. Ndiye chiwerengero cha maola chimachokera ku zokambirana za anthu, ndipo pa tebulo limenelo mwini sukulu amapindula ndi ola lililonse loonjezera.

Za akale, mabungwe ambiri akamayamba amatsegula khomo kwa kanthawi: wogwira ntchito zaka zakuti, wokhala ndi umboni, alembe mayeso osadutsa kusukulu, kapena ayesedwe pochita ntchitoyo pamaso pa oyesa. Khomolo limadzatsekedwa pa tsiku lolengezedwa. Ine ndimati mayeso a chitetezo alembe aliyense, wakale ndi watsopano yemwe, chifukwa zaka makumi atatu sizikuphunzitsa za mankhwala amene anabwera dzana. Koma kumutumiza gogo kukakhala m'kalasi kuti aphunzire kugwira phewa ndi chipongwe.

Gogo Nasibeko:
Ine amene ndikanawaphunzitsa aphunzitsiwo.

NaMbewe:
Chimene palibe wanena: nthawi. Akakuuzani kuti misonkhano ndi inayi pachaka, dziwani kuti pamwamba pake pali makomiti, ndi mapepala obwera usiku woti mawa ndi msonkhano. Kwa munthu wodya za manja ake, tsiku la msonkhano ndi tsiku lopanda kasitomala.

Komanso bodi si ofesi. Mudzayamba kulandira mauthenga: achemwali, satifiketi yanga yachedwa, tandifunsireni, mwana wanga wasowa malikisi awiri okha. Mukangoimbira wa muofesi kamodzi, mwatsegula njira. Bodi imalemba ntchito mkulu wa ofesi, imavomereza bajeti, imawerenga lipoti la owerengera ndalama, imaika malamulo. Zotsalazo ndi za ogwira ntchito. Ndipo mukagonja pa voti, kunja mumakanena zimene bodi yagamula, osati kukalemba pa Facebook kuti ine ndinakana. Mukhoza kupempha kuti kukana kwanu kulembedwe m'maminitsi. Zikafika poti chikumbumtima sichikulola, mumatula pansi udindo.

Tikita77:
Apa ndiye pamene ndimadana napo. Kubisa kusagwirizana ndi kumene kumabala katangale.

Bambo a Dalo:
Pali kusiyana a Tikita. Kugonja pa voti yoti ndalama zolembetsera zikwere ndi nkhani ina, kuona ndalama zikubedwa kapena dandaulo likukwiriridwa ndi nkhani inanso. Yachiwiriyi chinsinsi cha bodi sichikumangani, ndipo kukhala chete kukhoza kukuikani pa mlandu inuyo.

Tikita77:
Pakati pa ziwirizo pali zambiri zimene sizigwera uku kapena uko. Koma ndasiya, ndisalande nkhani ya mayi.

Nangozo:
Simunalande, mwathandiza. Ndalembera mlembi wa bungwe kupempha malamulo oyendetsera bungwe, ndondomeko ya zimene membala amachita akakhala ndi mbali pa nkhani, lipoti la ndalama la zaka ziwiri zapitazi, ndi pepala la inshulansi. Ndafunsanso mosabisa ngati mphunzitsi amaloledwa n'komwe kupikisana, chifukwa anzanga amene apereka dzina langa sindikhulupirira kuti anawerenga. Funso lina kwa a Mlembi: ndikapanda kulowa, dandaulo langa la mafunso oloweza ndingalipititse kuti?

Mlembi Wakale:
Njira zilipo, ndipo zina n'zamphamvu kuposa mpando. Kafukufuku wa ntchito uja akamachitika, yankhani ndipo limbikitsani anzanu ayankhe, chifukwa ambiri amangomudutsa kenako n'kumadandaula. Pemphani lipoti la mmene ana a sukulu yanu amakhozera gawo ndi gawo; mabungwe ambiri amapereka kwa masukulu. Mukaona kuti amagwa pa gawo limodzi lokha, mwina vuto lili pa silabasi yanu, mwina pa mayeso, koma mudzalemba kalata yokhala ndi manambala. Ndipo ngati bungwe lili ndi komiti yolangiza ya masukulu, kumeneko mumalankhula ngati mphunzitsi poyera, palibe wokutulutsani m'chipinda.

ManjaNdiMaso:
Koma mukalowa musatiiwale. Funsaninso ngati fomu yopemphera thandizo pa mayeso imatheka kuidzaza munthu wosaona payekha. Yomwe ndinakumana nayo ine inali chithunzi chojambulidwa ndi sikana.

Sisita Wopuma:
Mapepalawo akabwera yambani ndi lipoti la ndalama, muone kuti ndalama zambiri zimachokera kuti. Ngati pafupifupi zonse n'zochokera kwa obwereza mayeso ndi kwa masukulu olipira kuti avomerezedwe, mubwere nazo pano tidzaonere limodzi musanasaine fomu.

Nangozo:
Mlembi wayankha kuti malamulo ndi lipoti atumiza mawa, koma za inshulansi akuti afunse kaye kwa wapampando.

Bambo a Dalo:
Muwauze akutumizireni pepala lenilenilo, lokhala ndi tsiku lothera. Yankho la pakamwa musalandire.